Kodi mumadziwa? Za mabuleki a ngolo yokokedwa ndi pikapu pa msewu wa ku Fíngoè

Kodi mumadziwa kuti kabokosi kolamulira mabuleki a ngolo, kamene amalonda amakatcha brake controller, pakokha sikaimitsa kanthu? Ntchito yake ndi kutumiza magetsi basi. Chogwira tayala ndi mabuleki amene ali m'mawilo a ngoloyo. Ngati ngolo yanu ilibe mabuleki a magetsi, ngakhale mugule kabokosi kodula chotani, ndalamazo mwangotaya. Ndayambira pamenepa chifukwa ndi pomwe ambiri amaphonyera: amafunsa mtengo wa kabokosi asanagwade n'kusuzumira kunsi kwa ngolo.

Kodi mumadziwa kuti Fíngoè, likulu la boma la Marávia m'chigawo cha Tete, ali pamalo okwera mamita opitirira 800 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mzinda wa Tete sufika n'komwe mamita 200? Nayo nyanja ya Cahora Bassa ikadzaza, madzi ake amalekeza pa mamita 326. Ndiye kuti wonyamula katundu kuchoka ku Fíngoè, kaya walunjika ku Tete kaya kunyanja, ulendo wake ndi wotsika. Chimanga, fodya ndi mbuzi zimatsika. Simenti, malata ndi feteleza zimakwera. Pokwera galimoto imangolira ndi kuchedwa. Potsika m'pamene pamafera anthu.

Msewu wake ndi N303, umene umapatuka pa Bene kuchoka mu N9, n'kudzera ku Fíngoè mpaka ku Zumbo. N9 ndi uja wochokera ku Tete wokathera pa chipata cha Cassacatiza, chimene mbali ya Zambia chimatchedwa Chanida. Ulendo umodzi womwewo umakupondetsani phula, fumbi, miyala, ndipo m'dzinja matope. Kumbukirani zimenezi, chifukwa mphamvu ya buleki yoyenera pa phula ndi yomwe imakwakwazitsa matayala pa fumbi.

Kodi mumadziwa kuti malire a ngolo yopanda mabuleki ndi makilogalamu 750? Nambalayi ili mu pangano la maiko la za pamsewu limene linasainidwa ku Vienna mu 1968, ndipo opanga Toyota Hilux, Isuzu D-Max ndi Ford Ranger amailembanso m'mabuku a galimoto zawo. Wina awerengera msanga: matumba 15 a chimanga a makilogalamu 50. Ayi ndithu. Mu 750 muja muli ndi kulemera kwa ngolo yeniyeniyo. Tiyerekeze kuti ngolo yopanda kanthu ikulemera makilogalamu 250. Ndiye kuti mwatsala ndi malo a matumba 10 okha. Thumba lililonse loonjezera pamenepo likudalira mabuleki a pikapu, amene sanapangidwire katundu ameneyo.

Diramu la madzi la malita 200 limalemera makilogalamu 200, osawerengera chitsulo chake. La dizilo limapepukirapo, pafupifupi makilogalamu 168. Ndipo diramu losadzaza ndi loopsa kuposa lodzaza, chifukwa mukaponda buleki madzi amathamangira kutsogolo n'kukankha galimoto kachiwiri, inu mukuganiza kuti mwaima kale.

Mchenga ndiye wonyenga kwambiri. Ngolo imaoneka ngati sinadzaze, koma kyubiki mita imodzi yokha imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka.

Kodi mumadziwa kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuiziziritsa kuti galimoto iime imawirikiza kanayi? Pa makilomita 60 pa ola, galimoto imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Mwana akatulukira mumsewu kuthamangitsa mbuzi, phazi lanu lisanafike n'komwe pa buleki mamita amenewo apita kale.

Nanga mphamvu imeneyi imapita kuti? Imasanduka kutentha. Pikapu ndi ngolo zolemera makilogalamu 4,000 pamodzi, zikatsika phiri la mamita 100, zimatulutsa mphamvu yokwana kuwiritsa malita a madzi opitirira 11. Ina imathera m'matayala ndi mumphepo, koma yambiri, ngati dalaivala sakugwiritsa ntchito magiya, imalowa m'mabuleki. Ngolo ikakhala yopanda mabuleki, moto wonsewo umaunjikana pa mawilo anayi a pikapu, makamaka awiri a kutsogolo.

Apa m'pamene mafuta a mabuleki amaonetsera khalidwe lawo. Mafuta a DOT 4 atsopano amawira pa madigiri 230, a DOT 3 pa 205. Koma mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakhalitsa, DOT 4 amatha kuwira pa madigiri 155, DOT 3 pa 140. Akawira mumapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo chopondera buleki chimangolowa mpaka pansi osagwira kanthu. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Ndi eni pikapu angati kwathu kuno amene anasinthapo? Ambiri timangothira oonjezera akachepa. Tsono ganizirani mwezi wa Okutobala kapena Novembala, pamene ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40.

Giya imene mungakwerere phiri ndi yomwe muyenera kutsikira nayo. Kutsika mutachotsa giya pofuna kupulumutsa dizilo ndi kusewera ndi moyo wa anthu.

Kodi mumadziwa kuti mabuleki a ngolo za pikapu alipo mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo umodzi sufuna kabokosi ngakhale pang'ono? Mtundu woyamba ndi wa overrun, umene wafala ku Ulaya ndi ku South Africa. Aliyense amene anayendetsapo ngolo ya ng'ombe pa matsitso akuudziwa kale mchitidwe wake: ng'ombe zikachepetsa liwiro, ngolo imazikankha, goli n'kusendera kunyanga. Opanga overrun anatenga kukankha komweko n'kukupatsa ntchito. Pikapu ikagwira buleki, ngolo imakankha chokolekera chake, chokolekeracho chimalowa m'kati, n'kukoka ndodo kapena zingwe zachitsulo zimene zimagwira mabuleki a m'mawilo. Palibe waya, palibe batire. Makampani a ku Germany a AL-KO ndi Knott ndiwo odziwika pa zipangizo zimenezi, ndipo malamulo a ku Ulaya amalola overrun pa ngolo zofika makilogalamu 3,500.

Ubwino wa overrun kwathu kuno ndi woti makaniko aliyense wodziwa sipanala angathe kuukonza pansi pa mtengo. Koma uli ndi zofooka zake, ndipo ndi bwino kuzidziwa musanaugule. Mukaima pakati pa chitunda, ngolo imakokera kumbuyo m'malo mokankha, choncho mabuleki ake sagwira. M'matope, pamene pikapu ikungotsetsereka osachepetsa liwiro, ngolo ilibe choikankha, ndiye sigwiranso. Pa matsitso aatali imatha kugwira mosalekeza mpaka madiramu a mabuleki kutentha. Ndipo chachikulu, dalaivala alibe njira yogwirira mabuleki a ngolo paokha.

Mukamva "gu!" kumbuyo nthawi iliyonse mwaponda buleki kapena mwanyamuka, kashokabu ka m'kati mwa chokolekera katha. Kasintheni.

Mtundu wachiwiri ndi wa magetsi, umene wafala ku America ndi ku Australia. Kodi mumadziwa kuti m'kati mwa wilo lililonse muli maginito oyendera magetsi? Magetsi akafika, maginito amamatirira ku khoma la diramu limene likuzungulira, diramu limawakoka, iwo n'kukoka kamkono kamene kamatambasula ma brake shoe. Magetsi akachuluka, kugwira nakonso kumakula. Maginito a wilo limodzi amadya maampu pafupifupi atatu, kotero ngolo ya mawilo anayi imafuna maampu pafupifupi 12. Nzeru imeneyi si ya dzulo: Arthur P. Warner wa ku Beloit ku America anakhazikitsa kampani yake ya mabuleki a magetsi mu 1927.

Popeza maginitowo amadalira kuzungulira kwa diramu, buleki ya magetsi sigwira bwinobwino wilo lisanasunthe pang'ono. Poiyesa, kwezani wilo ndi jeke, mulizungulize ndi dzanja, mnzanu akanikize batani la kabokosi. Wilo liyenera kuima nthawi yomweyo. Mukatchera khutu pafupi, maginito amamveka kung'ung'uza.

Kodi mumadziwa kuti timabokosi nato tilipo mitundu iwiri? Kotchipa ndi ka time-delayed. Kameneka kakangomva kuti nyali za buleki zayaka, kamayamba kutumiza magetsi pang'onopang'ono mpaka pa mulingo umene munaika. Sikadziwa ngati mwaponda monyengerera pofika pa msika kapena mwaponda mwadzidzidzi poona ng'ombe. Kwa iko zonse n'chimodzimodzi. Zotsatira zake, pa kuima kwa pang'onopang'ono ngolo imagwira mopitirira, ndipo pa ngozi imachedwa.

Ka proportional kali ndi kachipangizo komva mmene galimoto ikuchepetsera liwiro, kofanana ndi kamene kamatembenuza chithunzi pa foni mukaipendeketsa. Mukaponda pang'ono, ngolo imagwira pang'ono. Mukaponda mwamphamvu, nayo imagwira mwamphamvu nthawi yomweyo. Takale tinkagwiritsa ntchito kachitsulo kolendewera, ndipo tinkafuna kutiwongola bwino poika. Tamakono timadziwongola tokha. Mwa todziwika pali Prodigy P2 ndi P3 ta kampani ya Tekonsha ya ku America, ndi Tow-Pro ka kampani ya Redarc ya ku Lonsdale ku South Australia.

Pali chinthu china chimene ogulitsa a m'tauni sangakumbuke kukuuzani, koma kwa ife n'chofunika zedi. Pa msewu wa mabampu ndi miyala, kachipangizo komva liwiro kaja kamagwedezeka, ndipo pa mchenga kapena matope galimoto sichepetsa liwiro mofanana ndi pa phula. N'chifukwa chake Tow-Pro Elite ili ndi njira ziwiri: ya proportional ya pa phula, ndi ina imene dalaivala amaika yekha mphamvu yokhazikika, yopangidwira misewu yoipa ndi matsitso a pang'onopang'ono. Anthu a ku Australia anaganizira zimenezi chifukwa nawonso ali ndi misewu yaitali ya fumbi. Kwa woyenda pakati pa Bene, Fíngoè ndi Zumbo, kapena wolowera ku Chiputo, ku Chipera ndi ku Malowera, ine ndikuona kuti kabokosi ka njira ziwiri kotere ndi koyenera kuposa kokongola ndi manambala ambiri.

Kabokosi ka proportional kayenera kumangidwa nganganga. Kakamagwedera, kapena kakangolendewera pa waya kunsi kwa chiwongolero, kamawerenga zabodza. Ta Tekonsha timafunanso kuyang'ana molunjika kumene galimoto ikupita.

Kodi mumadziwa kuti pali timabokosi tolamulidwa ndi foni? Curt Echo ya ku America imalowetsedwa pa pulagi ya kumbuyo kwa galimoto, Elecbrakes ya ku Australia imamangidwa pa ngolo, ndipo tonse timalankhulana ndi foni kudzera pa Bluetooth. Bluetooth sifuna netiweki, choncho kutchire kopanda Movitel kapena Vodacom timagwirabe ntchito. Ubwino wake, ngolo imodzi ingathe kukokedwa ndi galimoto zosiyanasiyana popanda kudula mawaya. Koma ine sindingakonde kuti pa nthawi ya ngozi dzanja langa lizisakasaka foni imene yagwera pansi pa mpando kapena yatha moto. Batani la buleki liyenera kukhala pamalo amodzi tsiku lililonse, pomwe dzanja lingalipeze maso ali pamsewu.

Batani limeneli, la manual override, ndilo chuma chenicheni cha kabokosi. Ngolo ikayamba kupepeluka uku ndi uku kumbuyo, mtima umakuuzani kuti pondani buleki mwamphamvu. Musatero. Chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero molunjika, ndipo kanikizani batanilo kuti ngolo yokha igwire. Ngolo ikakokera kumbuyo, mzere wonse umawongoka. Overrun singachite zimenezi.

Nanga chimapepelutsa ngolo n'chiyani? Kawirikawiri ndi kapakiridwe. Katundu wolemera akakhala kumbuyo kwa ekiselo, mphuno ya ngolo imapepuka, n'kumanyamula matayala a kumbuyo a pikapu. Odziwa amati magawo 60 pa 100 a katundu akhale kutsogolo kwa ekiselo, ndipo mphuno ipondereze chokokera ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwa ngolo yonse. Palibe kabokosi kamene kangakonze ngolo yopakiridwa molakwika.

Kodi mumadziwa kuti mphamvu ya kabokosi, imene amaitcha gain, siiikidwa kamodzi n'kuiwala? Kaikidwe kake ndi aka: pezani malo athyathyathya opanda anthu, yendani pa makilomita pafupifupi 40 pa ola, kanikizani batani lamanja. Matayala a ngolo akakwakwaza, chepetsani. Ngolo ikapanda kumveka kukoka, onjezerani. Malo oyenera ndi pang'ono pokha matayala asanayambe kukwakwaza. Mukatsitsa katundu ku Tete n'kumabwerera opanda kanthu, chepetsani, apo ayi matayala aphwa mbali imodzi. Mukasiya phula pa Bene, yesaninso. Mvula ikagwa, yesaninso. Ngolo zambiri za mabuleki a magetsi zilibe ABS yoletsa matayala kukwakwaza, ndipo tayala lokwakwaza pa matope limatsetserekera m'mbali, ngolo n'kupindikira ku galimoto.

Tsopano za mawaya, pamene ndaonapo amisiri abwino akusokonezeka. Kabokosi kachizolowezi kali ndi mawaya anayi: wakuda wa magetsi ochokera ku batire, woyera wa earth, wofiira wochokera ku switchi ya nyali za buleki, ndi wabuluu wopita ku mabuleki a ngolo.

Kodi mumadziwa kuti pulagi ya mapini 7 imene ili pa pikapu zambiri zochokera ku South Africa ilibe pini ya mabuleki a magetsi? Pulagi yobulungira ija imatsata muyezo wa ISO 1724: wachikasu ndi indiketa ya kumanzere, wobiriwira ya kumanja, wofiira nyali za buleki, woyera earth, wakuda ndi wabulauni nyali za usiku. Wabuluu alipo, koma pa muyezo umenewu ndi wa nyali ya nkhungu kapena ntchito ina yapadera. Pa pulagi ya ku America ya mapini aphanthiphanthi, ndiponso ya ku Australia, waya wabuluu ndiye wa mabuleki. Mmisiri wongotsata mtundu wa waya, osayeza ndi mita, angathe kulumikiza mabuleki a ngolo ku nyali, ndipo tsiku lina dalaivala poyatsa nyaliyo ngolo idzagwira yokha ali pa liwiro. Ngolo yobwereka kapena yogula kwa wina, yambani mwaiyeza pini iliyonse.

Waya wa mabuleki akhale wonenepa, wa 3 kapena 4 mm². Waya woonda wa nyali amataya magetsi panjira, ndipo maginito amalandira ochepa. Earth nayo ikhale ndi waya wakewake wodzera mu pulagi. Kudalira kuti magetsi abwerera kudzera pa mpira wa chokokera, pamene pali girisi, dzimbiri ndi fumbi, ndiko kumachititsa mabuleki ogwira lero, mawa ayi.

Pa waya wochokera ku batire opanga ambiri amalangiza kuika circuit breaker yodzibwezeretsa yokha, ya maampu 20 kapena 30, osati fyuzi wamba. Chifukwa chake n'chomveka: fyuzi ikapsa muli pakati pa matsitso, mabuleki a ngolo apita mpaka mutaima.

Mabuleki a magetsi a ngolo ndi a mavoti 12. Malole ambiri ang'onoang'ono a dizilo ochokera ku Japan ndi a mavoti 24. Musanagule kabokosi, onani ngati kamalandira 24. Tina timatero, tambiri ayi.

Kodi mumadziwa kuti mpira wa chokokera wa kuno ndi wa mamilimita 50, pamene wa ku America wa mainchesi awiri ndi wa mamilimita 50.8? Ndi maso simungasiyanitse. Palinso wina wa ku America komweko wa mamilimita 47.6, umene chokolekera cha 50 chimaoneka ngati chaugwira, koma pa bampu chimavuka. Kukula kwake kumadindidwa pa mpirapo. Pukutani girisi muwerenge.

Ndipo ngolo ikavuka? Pa njanji vutoli analithetsa kalekale. George Westinghouse anatulukira mabuleki a mpweya mu 1869, ndipo mu 1872 anawakonza kuti sitima ikaduka pakati, mabogi onse azigwira okha. Sitima za malasha zochoka ku Moatize kudzera ku Malawi kupita ku Nacala zimayendera nzeru yomweyo. Ngolo ya pikapu nayo ili ndi njira yake. Pa overrun pali kachingwe kachitsulo kamene kamakoka handibuleki ya ngolo ikavuka. Pa ya magetsi pali switchi ya breakaway ndi kabatire kake pa ngolo pomwepo. Ngolo ikavuka, chingwe n'kusolola pini ya switchiyo, mabuleki amagwira ndi mphamvu yonse. Ku Australia lamulo limati ngolo yopitirira makilogalamu 2,000 ikhale ndi chipangizochi, ndipo chigwire kwa mphindi zosachepera 15. Kabatire kaja kakafa, chipangizocho n'chokongoletsa chabe. Chingwecho chikolekedwe ku chitsulo cha galimoto, osati kungochikulunga pa tcheni.

Matcheni awiri achitetezo apingasane kunsi kwa mphuno ya ngolo, kuti ikavuka igwere pa matchenipo, isazike mumsewu.

Kodi mumadziwa kuti nambala ya makilogalamu 3,500 imene amanyadira nayo ogulitsa pikapu ili ndi msampha? Tengani Ford Ranger ya injini ya 3.2. Imaloledwa kukoka makilogalamu 3,500, koma galimoto ndi ngolo pamodzi zisapitirire pafupifupi 6,000. Mukachotsa 3,500, galimoto yatsala ndi 2,500, pamene yokha yopanda kanthu imalemera cha m'ma 2,200. Otsalawo ndi dalaivala, anzake awiri ndi kachikwama. Kudzaza bodi ya pikapu ndi matumba, pamwamba anthu, kumbuyo ngolo yodzaza, palibe buku la galimoto limene limalola.

Abale athu a ku Joni amene amabweretsa katundu pa ngolo kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Cuchamano ndi Tete amve ichi. Malamulo a pamsewu a ku South Africa, ochokera mu National Road Traffic Act ya 1996, amayerekeza ngolo ndi kulemera kwa galimoto yokokayo ili yopanda kanthu. Ngolo yopanda mabuleki isapitirire makilogalamu 750, komanso isapitirire theka la kulemera kwa galimotoyo. Ya overrun isapitirire kulemera kwa galimotoyo. Ikapitirira apo, imafuna mabuleki olamulidwa ndi dalaivala ali pa mpando wake. Popeza pikapu zambiri zimalemera cha m'ma makilogalamu 2,000, apa m'pamene kabokosi kathu kamalowera mwalamulo. Ndipo ngakhale kumene wapolisi sangakufunseni, muyezo umenewu ndi wanzeru kuutsata.

Laisensi nayo ili ndi malire. Gulu B ndi la galimoto yaing'ono ndi ngolo yopepuka. Ngolo yolemera imafuna chilembo E, chimene ku Mozambique chimalembedwa BE, ku South Africa EB. Lamulo la pamsewu la Mozambique ndi Código da Estrada ya 2011, ndipo za malaisensi ndi kalembera wa galimoto zili m'manja mwa INATRO. Amene mumapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa Ogasiti, kukalambira Kalonga Gawa Undi, ngolo yanu ikhale ndi mapepala ake musanafike pa Cassacatiza. Mathirayango awiri ndi jekete yowala zisasowe m'galimoto.

Kodi mumadziwa kuti pikapu zina zatsopano zimabwera ndi kabokosi kale m'kati? Ford inayamba kutero pa malole ake a Super Duty mu 2005, ndipo mitundu ina ya Ranger ya 2022 ili nako. Musanagule china, yang'anani pafupi ndi chiwongolero. Koma musasokoneze ndi trailer sway control: imeneyo imagwira mabuleki a galimoto, osati a ngolo.

Madzi ndi mdani wa mabuleki a magetsi. N'chifukwa chake ngolo za maboti, monga zimene zimatsikira m'madzi ku Cahora Bassa, kawirikawiri zimakhala za mtundu wokankha uja. Mukawoloka kamtsinje m'dzinja, madiramu anyowa ndipo sagwira. Yendani pang'onopang'ono mukukanikiza batani mopepuka mpaka aume. Matope akalowa m'diramu amadya maginito ndi ma shoe, choncho mvula ikatha tsegulani mutsuke, muonenso girisi wa maberingi.

Ma shoe amafuna kusendezedwa. Kampani ya Dexter ya ku Elkhart ku America, imene imapanga maekiselo ambiri a ngolo, imalangiza kuwasendeza pakatha makilomita pafupifupi 300 oyamba, kenaka makilomita pafupifupi 5,000 aliwonse. Pa fumbi lathuli ndi bwino kufupikitsa. Dalaivala akamangokweza gain mwezi ndi mwezi, vuto silili m'kabokosi, lili m'mawilo.

Pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza tsiku lobadwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Matayala a ngolo amakalamba ndi dzuwa mapazi ake akadali akuya. Buleki yabwino pa tayala long'aluka siipulumutsa munthu.

Kodi ngolo yowotcherera kwa mmisiri wa pa msika ingaikidwe mabuleki? Inde. Ekiselo yathunthu yokhala ndi madiramu a mainchesi 10 kapena 12 imagulitsidwa payokha, ya magetsi kapena ya zingwe. Amisiri athu ndi aluso, ndipo ngolo zawo zimapirira misewu imene ngolo za m'sitolo zimathyokera. Chimene ndikuwapempha n'choti polandira oda azifunsa mwini wake kuti adzanyamula matumba angati, ndipo akamva nambala yopitirira khumi, amuuze mosabisa kuti ekiselo ya galimoto yakufa yopanda mabuleki siyokwanira.

Tsono tisankhe chiyani? Maganizo anga ndi awa. Wonyamula katundu wosapitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi ngolo, kabokosi sakukafuna. Asamale mabuleki a pikapu, matayala ndi matcheni. Wa ngolo yapakatikati, yosalemera kuposa pikapu yake, amene amakhala kutali ndi amisiri a magetsi, overrun yosamalidwa bwino imukwanira. Koma wokoka matani awiri kapena atatu, kaya ndi fodya, simenti, ng'ombe kapena chigayo, pa matsitso a ku Marávia, agule ekiselo ya mabuleki a magetsi, kabokosi ka proportional kolumikizidwa ndi mawaya, kokhala ndi njira yoika mphamvu pamanja ndi batani lofikirika, kokwana chiwerengero cha maekiselo a ngolo yake, ndiponso breakaway ya batire lamoyo. Ka time-delayed ndingakavomere pa ngolo yopepuka yoyenda mwa apo ndi apo basi. Pogula, atengeretu maginito apadera awiri ndi pulagi ina, chifukwa zikafa ali ku Fíngoè, kokagula n'kutali.

Ndipo kaya ngolo ili ndi mabuleki a mtundu wanji, munthu asakweremo. Mayendedwe ndi ovuta kwathu, ndipo kukana mayi amene waima ndi mwana pamsewu kuyambira m'mawa kumawawa mtima. Komabe ngolo ilibe chomutchinjiriza ikagubuduka, ndipo dalaivala samva kukuwa kwa amene ali kumbuyoko. Madalaivala a ku Fíngoè, ngati m'galimoto mulibe malo, tsitsani matumba awiri munthuyo akhale m'galimoto, matumbawo apite m'ngolo.